Ntchito ya Mapazi: Luso la Mkulu wa Mpingo kwa Chiwalo

Kwa Chiwalo ku Phalombe, monganso m'madera ambiri akumidzi a Sinodi ya Blantyre, mbusa saoneka tsiku ndi tsiku. Mbusa mmodzi amatha kukhala ndi tchalitchi chachikulu ndi nyumba zopemphereramo zingapo zomwazikana m'midzi, ndipo dzinja likafika, matope a m'chigwa cha Phalombe akayamba kugwira matayala a njinga, pamapita masabata asanafike ku zina mwa nyumbazo. Komabe Lamulungu lililonse belu limalira, odwala amayenderedwa, maliro amaikidwa mwachikhristu, ndipo mabanja ogwedezeka amakhazikidwa pansi. Amene amasenza zonsezi ndi akulu a mpingo: alimi a chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa, ogulitsa matemba a ku Chilwa, aphunzitsi opuma pantchito, amayi ndi abambo osalandira malipiro.

Ambiri amauona ukulu wa mpingo ngati mpando: kukhala kutsogolo pafupi ndi gome, kuvala jekete, kuyendetsa mkate ndi chikho tsiku la Mgonero. Zimenezo ndi zapamwamba chabe. Ukulu wa mpingo ndi luso lophunziridwa pang'onopang'ono poyenda pambuyo pa amene anatsogola, ndipo lili ndi akatswiri ake. Ndimalilemekeza luso limeneli chifukwa chilungamo chimene mpingo wa CCAP umalalikira paguwa chimakafika pakhomo la munthu wosauka kudzera mwa anthu amenewa. Iwo akagona, chilungamocho chimathera m'tchalitchi momwemo.

Odi wa pakhomo

Mpingo umagawidwa m'milaga, ndipo mkulu aliyense amapatsidwa mabanja oti aziwayang'anira. Dongosololi ndi lakale kwambiri. Yetero analangiza Mose kuti asamatope yekha ndi milandu ya anthu onse, koma aike oyang'anira magulu aakulu ndi aang'ono mpaka gulu la anthu khumi. Koma kupatsidwa mabanja ndi kwina, kuwadziwa ndi kwinanso.

Mkulu wodziwa ntchito yake amayamba ndi kusankha nthawi. Sapita m'mamawa nyengo yolima, pakuti akapeza chitseko chotseka, eni ake ali kumunda. Sapitanso nthawi ya nsima mu Januwale kapena Febuluwale, chifukwa amadziwa kuti banja lingaphe nkhuku yotsala yokha pofuna kulemekeza mlendo, kapena lingagwidwe ndi manyazi posowa chomupatsa. Amafika dzuwa litapendeka, naima chapatali pang'ono ndi khonde.

"Odi kuno!"

"Odini. Fikani, bambo."

Akamutulutsira mpando, nthawi zambiri amathokoza n'kukhala pakhonde, kuti asamayankhule ndi mwini nyumba ali pamwamba. Malonje sawathamangitsa. "Mwaswera bwanji, anganga? Nanga mwendo uja ukupezako bwanji? Adzukulu aja akupitabe kusukulu?" Pakamwa pakulonjera, maso akugwira ntchito yawo. Phulusa la pamafuwa ndi lofunda kapena lazizira? Mbuzi imene inkamangidwa pamtengo paja ili kuti? Njinga ija yagulitsidwa, kapena yatengedwa ndi wakatapila? Nanga mtsikana wa sitandade 7 uja bwanji sakuoneka?

Funso lakuti "Mwadya?" salifunsa, chifukwa yankho lake ndi lodziwika kale. Munthu waulemu wake amati "Tadya" ngakhale atagonera madzi. Katswiri amafunsa mozungulira: "Chimanga cha chaka chino chinakufikitsani mwezi uti?" Funso lotere limamupatsa munthu mpata wonena za mvula, za feteleza ndi za mbozi, ndipo njala imadzatulukira yokha m'nkhanimo, mwini wake asanatsitsidwe ulemu. Pemphero lake pomaliza limakhala lalifupi, koma limatchula aliyense wa pakhomopo ndi dzina, ngakhale mwana amene anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni.

Zimene waona sazinena pachitsime kapena pamsika. Amakanong'oneza atumiki ndi amayi a Mvano, ndipo pakapita masiku owerengeka amayi aja amafika ndi kaufa, mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi, ngati akungodzacheza. Wothandizidwayo saimiritsidwa pamaso pa mpingo kuti athokoze. Kusunga chinsinsi kumeneku ndi mbali ya luso lomwelo, chifukwa mkulu akangodziwika kuti ndi wapakamwa, zitseko zimamutsegukirabe koma mitima imatseka.

Ntchito ya mapazi imeneyi ili ndi mbiri yake kudera lino. Anthu ambiri a ku Phalombe ndi Alhomwe, amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pothawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kudzapezanso thangata m'minda ya azungu kuno. Mishoni ya Blantyre inafika kwa Alhomwe makamaka ndi mapazi a anthu akuda. John Gray Kufa anatumidwa kudziko la Alhomwe, kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa, m'zaka za m'ma 1890. Lewis Mataka Bandawe, Mlhomwe mwini wake, anakagwira ntchito zaka zambiri pamishoni ya Mihecani ku Mozambique, ndipo anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe. Mkulu wa lero amene amalonjera gogo m'chiyankhulo chimene gogoyo anayamwira akuyenda m'njira imene anthu amenewa analambula.

Khadi ndi kaundula

Mgonero ukayandikira, mkulu amayenderanso anthu ake pa nkhani ya makhadi. Mwambowu unachokera ku Scotland, kumene akulu a mpingo ankagawira akhristu tizitsulo ting'onoting'ono towaloleza kufika pagome la Ambuye. Woyang'ana patali angaone ngati ndi chiphaso cha pachipata basi. M'manja mwa katswiri, khadi ndi chifukwa chofikira pakhomo lililonse popanda wina kudabwa kuti abwerera chiyani. Ndi nthawi imene amafunsa modekha ngati mkangano wa malire a munda uja unatha, ngati apongozi ndi mkamwini anayambanso kulonjerana, ndiponso chimene chamuletsa munthu kufika kutchalitchi miyezi itatu. Kawirikawiri chimapezeka kuti si kuuma mtima. Ndi kusowa sopo, kusowa chovala, kapena manyazi a chopereka chimene sanakwanitse. Mkulu wabwino amadziwa kusiyanitsa, ndipo salola kuti umphawi wa munthu ulembedwe m'buku ngati tchimo.

Kaundula wa mlaga ndi kabuku wamba, kogula pagolosale, kamene nthawi zina kamasungidwa m'jumbo kuopa mvula ndi chiswe. Phindu lake limaoneka tsiku la tsoka, ndipo Phalombe amalidziwa tsoka. Mu Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo akuluakulu amati kunadutsa Napolo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'maboma a kum'mwera, Phalombe ali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo, ambiri n'kukakhala m'masukulu ndi m'matchalitchi.

Pa nthawi yotere thandizo limayenda ndi mndandanda wa maina, ndipo pamndandanda pamalembedwa msanga amene ali ndi mawu, ndi miyendo yothamangira kumene akulemba, kapena ndi m'bale m'komiti. Wotsalira ndi gogo wosaona, munthu wolumala, ndi ana amasiye olerana okha. Amene angathe kuimirira n'kunena kuti "Pepani, mfumu, mwasiya anganga a kuseri kwa dambo kuja" ndi yekhayo amene anafikako kale mvula isanagwe. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhaniyi si yachilendo mu mpingo. M'buku la Machitidwe, dandaulo loyamba pakati pa okhulupirira linali lakuti amasiye a gulu lina ankaiwalidwa pogawa chakudya, ndipo yankho la atumwi linali kusankha anthu asanu ndi awiri oti ayang'anire ntchitoyo. Mkulu wokhwima amawonjezapo china: potchula oiwalidwa sayang'ana ngati ndi a CCAP, Akatolika, Asilamu kapena osapemphera.

Bwalo la seshoni

Pachimake pa lusoli ndi pabwalo la seshoni, pamene akulu amakhala pamodzi ndi mbusa kumva milandu ya akhristu. Mishoni ya Blantyre inaphunzira kuweruza kudzera m'njira yowawa. Mishoniyi inayamba mu 1876, ndipo m'zaka zoyambirira amishonale anadzisandutsa oweruza a chikoti. Mu 1879 munthu wina anawomberedwa ataweruzidwa pamishonipo, ndipo wina anafa atakwapulidwa. Nkhaniyi itamveka ku Scotland, mpingo wakumeneko unafufuza, ndipo mu 1881 unachotsa Duff Macdonald, mtsogoleri wa mishoni, pamodzi ndi anzake ena.

Amene analowa m'malo mwake, David Clement Scott, anasankha njira ina. Anaphunzira Chimang'anja mozama mpaka kutulutsa dikishonale yake mu 1892, ndipo ankakhala pamilandu ndi mafumu, nachita chidwi ndi mmene makolo athu ankamvera mbali zonse mpaka nkhani itapsa. Mu 1894 anapatula madikoni achikuda asanu ndi awiri, ena mwa iwo Mungo Chisuse, John Gray Kufa ndi Harry Kambwiri Matecheta, nawapatsa mbali yeniyeni pa kayendetsedwe ka mpingo, zimene azungu ambiri a nthawiyo anadana nazo. Matecheta uja ndiye anadzadzozedwa ubusa mu 1911 pamodzi ndi Stephen Kundecha. Choncho seshoni ya kumudzi ili ndi makolo awiri: dongosolo la ku Scotland ndi bwalo la milandu la kwathu.

Onani mmene katswiri amagwirira nkhani pabwaloli. Mlandu usanafike kuseshoni, amakhala atapita kale yekha kwa munthuyo, kenako ndi mnzake mmodzi, monga Ambuye analangizira. Milandu yambiri imathera pamenepo, ndipo imeneyo ndiye ntchito yake yopambana, ngakhale silembedwa m'buku lililonse. Ikafika kubwalo, salola kuti woimbidwa mlandu angomva chigamulo. Amamupatsa nthawi yofotokoza mpaka mawu amuthere. Ngati ndi nkhani ya banja, amafunsa ngati ankhoswe a mbali zonse aitanidwa, chifukwa amadziwa kuti banja silimangidwa kapena kumasulidwa iwo kulibe. Iye mwini amayankhula mochedwa, atamva achinyamata ndi okwiya omwe, ndipo akayamba amabwereza zimene aliyense wanena mwachilungamo chotero kuti onse amavomera ndi mutu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma moto wake amauzimitsa ndi kumvetsera, osati ndi kukalipa.

Pali mafunso awiri amene amaonetsa ngati mkulu ndi katswiri kapena wongokhala pampando. Loyamba limabwera mtsikana akaimitsidwa pamaso pa bwalo chifukwa cha mimba. Tchimo lake likuoneka ndi maso, ndipo n'kosavuta kumupatsa chilango n'kupitirira pa nkhani ina. Katswiri amafunsa kuti, "Nanga mwamunayo ali kuti?" Amafunsanso zaka za mtsikanayo. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezo. Ngati mtsikanayo ndi mwana, mkulu wodziwa amanena poyera kuti pano palibe za ukwati, pali mwana wolakwiridwa, ndipo nkhaniyi iyenera kufika kwa mfumu ndi kwa a boma oteteza ana, mwanayo n'kudzabwerera kusukulu akachira.

Funso lachiwiri limabwera wolakwa akakhala munthu wachuma, amene anagula malata a tchalitchi kapena amabwereketsa ngolo pa maliro. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Apa mkulu amayesedwa mtima, chifukwa mawa iye yemwe angafune ngongole kwa munthuyo. Katswiri samuchititsa manyazi wachumayo, komanso samuchepetsera mlandu. Amamuyankhula ndi ulemu womwewo umene anayankhulira mayi wosauka sabata yatha, namupatsa muyeso womwewo. Mpingo wonse umaona, ndipo tsiku limenelo umaphunzira za chilungamo kuposa zimene ungamve m'maulaliki a chaka chathunthu.

Chilango chikaperekedwa, ntchito ya mkulu imakhala itangoyamba. Woimitsidwa pa Mgonero ndiye amene amayenderedwa kawirikawiri, chifukwa cholinga cha bwaloli ndi kubweza munthu.

Pasiwa

Pa maliro mkulu amatsogolera mapemphero usiku wonse, amagwirizana ndi amfumu ndi adzukulu okumba manda za nthawi, ndipo mbusa akalephera kufika amalalikira yekha kumanda. Koma pali ntchito ina imene imachitika kuseri kwa nyumba. Kuno ukwati wambiri ndi wachikamwini, ndipo munda umayenda kuchikazi. Komabe bambo akamwalira, abale ake ena amayamba kuwerenga njinga, wailesi, mbuzi, ngakhale malata a padenga, nyimbo zili m'kati. Mayi akamwalira, mkamwini wokalamba angauzidwe kuti anyamule zake, asiye nyumba imene anamanga ndi manja ake.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena momveka kuti kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, ndipo linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Koma lamulo lili m'mabuku ku boma, ndipo wamasiye amene wagona pamphasa m'siwa sangadzuke kukalitenga. Mkulu waluso sadikira kuti katundu akwezedwe pangolo. Amakhala pansi msanga ndi mwini mbumba wa mbali iyi ndi wa mbali inayo, amfumu ali pomwepo, nayamba ndi kupepesa. Kenako amafunsa ngati wosadziwa: "Malume, anawa mayeso awo ali pafupi. Fizi yawo tiziitenga kuti?" Akatero wawaika ana pakati pa bwalo, ndipo aliyense wofuna njinga ayenera kuyamba wayankha funso limenelo. Lamulo amalitchula pomaliza, mofatsa, ngati chinthu chimene onse akuchidziwa kale. Motero abale aja amabwerera kwawo ulemu wawo uli nawo, katundu n'kutsala ndi ana.

Kuchokera pakhonde kufika kunyumba ya boma

Mawu aakulu amene mpingowu wayankhula m'mbiri ya dziko lino anamera pa luso laling'ono lomweli. Nkhondo ya John Chilembwe itatha mu 1915, John Gray Kufa uja ali m'gulu la ophedwa ndi boma, atsamunda analoza chala mamishoni kuti amapatsa anthu akuda udindo wochuluka. Mmishonale wa ku Blantyre, Alexander Hetherwick, anaima pamaso pa komiti yofufuza n'kuteteza akhristu achikuda, ndipo pa nkhani yokakamiza munthu wakuda kuvulira mzungu chipewa anati mzungu nayenso ayenera kubweza moni. Ankateteza chinthu chomwecho chimene mkulu amateteza akakana mpando n'kukhala pakhonde. M'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Sinodi ya Blantyre inatsutsa poyera, ndipo boma litamanga anthu ambiri mu Malichi 1959, akhristu a mpingowu anali ochuluka pakati pa omangidwa.

Mbiri yomweyi ikutichenjezanso. Dr. Hastings Kamuzu Banda anali mkulu wa mpingo, wopatulidwa ku Edinburgh, ndipo ankakonda kukumbutsa anthu zimenezo. Pa ulamuliro wake anthu ankamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, a Mboni za Yehova anathamangitsidwa mpaka kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo kwa zaka zambiri mpingo sunayankhule mokweza. Dzina la ukulu palokha silinateteze aliyense. Zinthu zinasintha mu 1992. Maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi, ndipo mu Juni atsogoleri a CCAP a masinodi a Blantyre ndi Livingstonia, pamodzi ndi nthumwi za mgwirizano wa mipingo ya Reformed padziko lonse, anapereka kalata kwa Kamuzu yopempha kuti pakhale kukambirana za mavuto a dziko. M'menemo munatuluka Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Chimene atsogoleri aja anapempha ndi chimene seshoni yabwino imachita mwezi ndi mwezi: wamkulu akhale pansi, amve mbali inayo, ndipo munthu asalangidwe asanayankhule.

Posankha akulu

Luso limeneli silibwera ndi kusanjikidwa manja kokha. Wachinyamata amaliphunzira ponyamulira mkulu Baibulo popita kwa odwala, poona pamene wakhala chete ndi pamene wayankhula, ndi pomva mmene wafunsira funso lovuta popanda kuvulaza. Likhoza kutha m'mbadwo umodzi ngati mipingo iyamba kusankha akulu poyang'ana thumba, sukulu kapena mtundu wa nsapato, chifukwa ntchito zomanga tchalitchi zimafuna ndalama ndipo mtima umakopeka ndi amene ali nazo.

Choncho nthawi yosankha ikakwana, kwa Chiwalo kapena kwina kulikonse, mkhristu asanalembe dzina adzifunse mafunso ochepa. Munthuyu anafikapo pakhomo la wodwala osaitanidwa? Anamvapo chinsinsi n'kuchisunga? Angathe kuuza m'bale wake weniweni kuti walakwa? Amasiye a m'mudzi mwake amawadziwa maina? Amene mayankho ake ndi inde, kaya ndi mayi kaya ndi bambo, kaya jekete ali nalo kaya alibe, ndiye woyenera kumupatsa kaundula, ndipo pambali pake paikidwe wachinyamata woti aziyenda naye.